Asuweni, za prostate mwafunsa zija

Eee, asuweni, uthenga wanu ndauona. Dikirani nditseke chitseko kaye... chabwino. Mwati adokotala akupezani ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kali pansi pa chikhodzodzo kaja, ndiye mukufunsa kuti chabwino n'chiti, opaleshoni kapena radiotherapy, kuwotcha khansayo ndi cheza cha makina. Koma inu, kafunsidwe kake! Mzere umodzi basi, ngati mukufunsa nthawi. Takulira limodzi, mukafupikitsa mawu chonchi ndiye kuti nkhani yeniyeni mwaikhalira.

Mukukumbuka amalume? Osati aang'ono ayi, aakulu, a chipewa aja. Iwo atawapeza nayo, inali isanatuluke mu prostate. Ndiye mnzawo wina anawanong'oneza kuti mukalola mpeni basi, mwagwa mumpapaya. Amalume osafunsa dokotala, osauza azakhali, anangosiya kupita kuchipatala. Kwa ife ankati anali malungo. Zaka zitatu... ayi ndanama, zinayi. Kenako msana. Usiku osagona, akungobuula, mpaka ndinawatenga ndine. Atawajambula anapeza kuti yafika m'mafupa. Pamenepo zosankha zinali zitatha, anangowayambitsa jakisoni wotsitsa testosterone, poti khansa imeneyi imakula ndi homoni imeneyo. Miyezi itatu iliyonse, jakisoni. Thukuta kamukamu pakati pa usiku, munthu wouma mtima uja misozi pafupi. Ndipo mphamvu zomwe ankaziteteza zija, jakisoniyo ndi amene anazitenga. Tsiku lina tili pa benchi kudikira, anandigwira dzanja n'kunena kuti, mwana wa mlongo wanga, ndikanangofunsa. Hmm. Azakhali mpaka lero chimene chimawawawa si matendawo, koma kuti anagona nawo chipinda chimodzi zaka zinayi osadziwa kanthu.

Aa, ndasochera. Funso lanu lija.

Zimatengera pepala lanu. PSA, imene amayeza m'magazi kuti aone za prostate, ili pa zingati; Gleason, nambala yosonyeza ukali wa khansayo akaunika kanyama kamene anatapa, ndi zingati; yafalikira kapena ayi. Gleason 6 nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono, moti ena amangowayang'anira: kuyeza magazi pafupipafupi, kujambula ndi makina a MRI, kutapanso kanyama. Kumeneko si kuthawa kwa amalume ayi, munthu amakhala m'manja mwa dokotala. Ikakhala 8, 9, 10, imeneyo si yodikira. Ku Britain anatsatira amuna 1,643 a khansa yosafalikira kwa zaka 15, kafukufuku wa ProtecT, zotsatira zake zinatuluka mu 2023. Kaya opaleshoni, kaya radiotherapy, kaya kuyang'aniridwa, pafupifupi 97 mwa 100 alionse sanafe nayo, kungoti mwa oyang'aniridwawo inafalikira kwa ochulukirapo. Kusiyana kwakukulu kuli pa zimene mutsale nazo. Opaleshoni, mumakhala ndi paipi ya mkodzo sabata imodzi kapena ziwiri, mkodzo umatha kudontha kwa miyezi, ndipo za kuchipinda zimagwa nthawi yomweyo, kwa ena n'kubwerera pang'onopang'ono ngati mitsempha anaisunga. Radiotherapy imatha kuvuta matumbo ndi chikhodzodzo, za kuchipindazo zimachepa mochedwerapo.

Ndiye... ndinene? Ndinena, ndine msuweni wanu, mundikwiyire mawa. Inu simukufunsa za mpeni kapena makina. Mukufunsa ngati mudzakhalabe mwamuna m'nyumba mwanu. Ndipo ndikuganiza kuti alamu simunawauze, chifukwa akanadziwa akanandiimbira kale dzulo. Auzeni, mupite nawo kwa dokotala, funso limenelo mukalifunse ndi pakamwa panu.

Musaseke, ndikukuonani mukukanda mutu. Dokotala zimenezi amamva tsiku lililonse. Mukamufunse kuti kwa ine, pa msinkhu wangawu, mitsempha ingasungike? Mapiritsi othandiza alipo, zolimbitsa minofu yogwira mkodzo ziliponso. Mukaonanenso ndi wa radiotherapy, osati wa opaleshoni yekha. Koma alamu akhale pampando wa pambali panu, amve okha ndi makutu awo.

Ena muli pagulu pano mukumvetsera, pakamwa potseka, anene yekha mwini wake. Asuweni, pepala lija mulijambule munditumizire kumbali. Koma muyambe ndi alamu, madzulo ano, musanasankhe chilichonse. Ndikuimbirani Lachinayi ndimve kuti mwawauza.