Langizo kwa Bambo ofuna kutsikira m'zigwa za ku Moab pa galimoto ya RV

Bambo, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwanena kuti inu, mayi akunyumba ndi ana mukufuna kubwereka galimoto yogonamo ija amati RV ku Salt Lake City mwezi wa Julayi, ana akatsekera sukulu, kenaka mupite nayo ku Moab m'chigawo cha Utah ku America, ndipo mukufunsa ngati galimotoyo ingathe kutsika msewu wa Shafer Trail ndi kuzungulira White Rim Road m'paki ya Canyonlands. Ulendowo ndi wokoma kwambiri ndipo sindikufuna kukugwetsani ulesi, koma langizo langa ndi lakuti RV mukaisiye pamalo ogona, ndipo misewu ya m'zigwayo mukaiyende pa galimoto ina yaing'ono, yotalika kumimba ndiponso yokoka ndi matayala onse anayi, yomwe mungathe kubwereka ku Moab komweko kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Chifukwa choyamba chagona pa kapangidwe ka galimotoyo. Ma RV amene mabanja amabwereka kawirikawiri amakhala aatali mamita 7 mpaka 9, amakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo thupi lake limapitirira kwambiri kuseri kwa matayala akumbuyowo, moti mukangotsikira m'kakhwawa n'kuyamba kukwera tsidya linalo, kumbuyoko kumakhula pansi. Tsono kunsi kwake n'kumene kuli mathanki a madzi akumwa ndi a madzi oipa, mapaipi otayira, ndi thanki ya gasi wophikira, zinthu zomwe mwala umodzi wosongoka ungathe kuboola. Kumbuyo matayala amakhala awiriawiri, ndipo mwala ukalowa pakati pawo umadya mbali zonse ziwiri mpaka lina kuphulika. Galimotoyo ndi yaitalinso msinkhu, kulemera kwake kuli m'mwamba, kotero kuti pamalo opendekera imayedzamira kuphompho mochititsa mantha, uku m'katimo makabati akutseguka ndi mbale zikugwa. Onjezeranipo nkhani ya mgwirizano umene mudzasaine pobwereka. Makampani ambiri obwereketsa ma RV amaletsa kuyenda m'misewu yafumbi ya kutchire, ndipo mukaswa lamulolo inshuwalansi siilipira kanthu. Akuluakulu a pakiyo amachenjeza okha kuti kukoka galimoto yofera mkati mwa zigwazo kumadya ndalama zopitirira madola 1,000, ndipo mtengo umenewo ndi wa galimoto wamba, osati chinyumba choyenda ngati chanucho.

Tsopano ndikufotokozereni za Shafer Trail, chifukwa ndi umene ndikukulimbikitsani kuti muyambire. Msewuwu umayambira pamwamba pa chitunda chotchedwa Island in the Sky, pafupi ndi ofesi yolandirira alendo, pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Moab mukadzera msewu wa US-191 kenaka UT-313. Kale inali njira ya aweti a ng'ombe, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anaikuza kuti muzidutsa malole onyamula miyala ya uranium. Kuchokera pamwambapo umatsika mamita oposa 400 m'makona okhotakhota osemedwa pathanthwe lofiira, wopanda zitsulo zotchinga m'mbali, ndipo malo ena ndi opanikiza moti galimoto ziwiri sizingapambane. Ngati munakwerapo msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, makonawo simudzawadabwa, kungoti kuno kulibe mitengo yobisa phompho, ndiye maso amaona mpaka pansi penipeni. Musanaganize zotsika, imani kaye pamalo oonerera otchedwa Shafer Canyon Overlook, omwe ali m'mbali mwa msewu wa tala, kuti inu ndi mayi muone makona onsewo ndi maso anu. Ngati mmodzi wa inu mutu ukumuzungulira pongoyang'ana, si chamanyazi kubwereka woyendetsa wodziwa njirayo, popeza ku Moab kuli makampani ambiri otenga alendo pa maulendo otere.

Mukasankha kuyendetsa nokha, ikani giya ya 4L, yomwe ndi giya yotsika yokoka ndi matayala onse anayi, musanayambe kutsika, kuti injini ndiyo izigwira galimoto m'malo moponda mabuleki njira yonse, chifukwa mabuleki akatentha amaleka kugwira pa nthawi imene mukuwafuna kwambiri. Lamulo la m'misewu yamapiri ndi lakuti wotsika ndiye amapatukira wokwera, choncho nthawi zonse muziponya maso kukona yapansi kuti muone fumbi la galimoto yobwera, ndipo mukaiona imani msanga pamalo otambasuka, musadikire kukumana nayo pamphuno. Pamenepa ndi pomwe ife amene tinaphunzira kuyendetsa kumanzere tiyenera kusamala koposa, chifukwa ku America amayenda kumanja ndipo chiwongolero chili kumanzere. Munthu akadzidzimuka pakona, manja amathamangira ku chizolowezi chakale. Komanso m'makona ena phompho limakhala mbali ya wokwera naye, kumene woyendetsa saona bwino pamene tayala lafika. Zikatero, mayi atsike, aime kutsogolo pamalo oti mukuwaona bwino, ndipo akulozereni ndi manja, inu mukusuntha pang'onopang'ono osayang'ana china chilichonse koma manja awowo. Ana akhale omangidwa malamba, ndipo pojambula zithunzi muziimitsa galimoto pamalo otambasuka okha.

Mukafika pansi, msewu umagawikana. Ukupita kumanja ndi White Rim Road, ndipo wakumanzere ndi Potash Road, umene umakubwezerani ku Moab motsata mtsinje wa Colorado. Tengani wa Potash. Gawo lafumbi lonse, kuyambira pamwamba paja mpaka kukafika pa tala, ndi makilomita pafupifupi 30, koma musaliwerengere ngati la theka la ola, chifukwa pali miyala, mchenga ndi timakwawa touma tambiri, ndipo mudzafuna kuima pafupipafupi. Mudzadutsa kunsi kwa Dead Horse Point, mtsinje ukuoneka m'munsi mwanu utakhota ngati khosi la tsekwe, kenaka mudzaona maiwe obiriwira ngati thambo momwe amaumitsira madzi a mchere wa potash wopangira feteleza. Njira imeneyi siifuna chilolezo chapadera kupatula chiphaso cholowera m'paki, ndipo kwa banja loyamba kumene kuyenda m'chipululu, ndi yokwanira tsiku lathunthu.

Za White Rim Road ndinganene kuti muisungire ulendo wina. Ndi makilomita pafupifupi 160, ambiri amaiyenda masiku awiri kapena atatu, mulibe madzi akumwa, mafuta kapena sitolo, ndipo malo ngati Murphy Hogback ndi Hardscrabble Hill ndi okwera mwamphamvu, ofuna munthu wozolowera. Pamafunika chilolezo ngakhale mukungoyenda usana wokha, ndipo zilolezo zogonera m'menemo anthu amalimbirana kudakali miyezi ingapo kudzera pa tsamba la pa intaneti la Recreation.gov. Chakumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, chipale chikamasungunuka kumapiri, mtsinje wa Green nthawi zina umasefukira n'kutseka mbali ya kumadzulo kwa msewuwo. Ngati muli ndi galu, dziwaninso kuti saloledwa mu White Rim Road ngakhale atakhala m'galimoto.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'dongosolo lanu ndi mwezi umene mwasankha. Mu Julayi kutentha ku Moab kumapitirira madigiri 38 masiku ambiri, mthunzi m'zigwamo ndi wosowa, ndipo mpweya ndi wouma moti thukuta limauma musanalione, kotero kuti mwana amatha madzi m'thupi asanadandaule n'komwe za ludzu. Oyang'anira pakiyo amalangiza malita 4 a madzi pa munthu aliyense patsiku, ndipo ine ndingati munyamule owirikiza kawiri, chifukwa galimoto ikafa masana madzi amenewo ndiwo adzakusungeni mpaka thandizo litabwera. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa likamafika paliwombo mukhale mutatuluka. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala ndi nyengonso ya mvula ya mabingu yobwera masana, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti nthaka ya kumeneko ndi thanthwe losamwa madzi. Mvula ingathe kugwa kutali, pamene inu muli kuli ngwee, koma madzi ake onse amasonkhana m'khwawa limodzi n'kutsika ndi matope, miyala ndi zipika. Musaimike galimoto kapena kudyera chakudya m'khwawa louma, ndipo mukapeza madzi akudutsa pamsewu, dikirani aphwe, musayese kuwoloka. Dothi la m'misewu ina likanyowa limaterera kwambiri ndipo limamatirira m'matayala, moti ngakhale galimoto yokoka ndi matayala anayi imangoseseleka. Choncho m'mawa wa tsiku la ulendo dzerani pa ofesi ya alendo mufunse za nyengo ndi za msewu, ndipo akakuuzani kuti kukubwera mvula, sinthani tsiku. Mukanakhala ndi mwayi wosuntha tchuthi, Epulo, Meyi kapena Okutobala ndi miyezi yabwino koposa.

Pobwereka galimoto yaing'onoyo, funsani kuti akuonetseni pamapu misewu imene mgwirizano wawo umalola, onani kuti sipeya ndi yofanana kukula ndi matayala enawo ndipo ili ndi mpweya, yesani jeki, ndipo dzazani mafuta ku Moab chifukwa m'paki mulibe pothira. Netiweki ya foni imatha mukangotsika m'chigwa, ndiye mapu muwasungiretu m'foni, mugulenso a pepala, ndipo muuzeko munthu njira imene mwadzera ndi nthawi yobwerera. Galimoto ikafa, khalani nayo pafupi osayamba kuyenda pansi padzuwa, popeza ofufuza amaona galimoto msanga kusiyana ndi munthu.

RV yanu nayo ili ndi zambiri zoti ichite. Msewu wa tala wa pamwamba pa Island in the Sky umafika ku Mesa Arch ndi ku Grand View Point, ndipo msewu wa UT-279 wotsata mtsinje wa Colorado uli ndi zithunzi zakale zosemedwa pathanthwe ndi anthu oyamba kukhala m'dzikomo, zomwe ana angaone atangotsika m'galimoto. Malo ogona sungitsanitu msanga, ndipo mu Julayi sankhani okhala ndi magetsi kuti makina oziziritsa azigwira ntchito. Ku Dead Horse Point State Park magetsi alipo ndipo muli pafupi ndi poyambira Shafer Trail, pamene ku Willow Flat m'kati mwa paki kuli malo 12 okha, opanda magetsi ndi madzi, ndipo salandira galimoto yopitirira mamita 8.5.

Ndikupemphaninso chinthu chimodzi chimene ndimachitenga ndi mtima wonse. M'mbali mwa misewuyo mudzaona nthaka yakuda, ya timibulu ngati yapsa. Imeneyo ndi nthaka yamoyo, yolukidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono, ndere ndi zina zotero, ndipo ndiyo imagwira mchenga kuti usauluzike ndi kusunga chinyezi chomeretsa zomera zochepa za m'chipululumo. Tayala limodzi kapena mapazi a ana othamangira chithunzi amaphwanya chimene chimatenga zaka makumi ambiri kuti chibwererenso. Potembenuza galimoto kapena popatukira mnzanu, gwiritsani malo amene ena anaponda kale, ndipo ana muwaphunzitse kuyenda pathanthwe kapena m'njira zoikika.

Ngati mudzapitirire kum'mwera cha ku Monument Valley, musangotsatira mapu a m'foni, chifukwa nthawi zina amalozera ku msewu wa UT-261. Msewu umenewo ndi wa tala mpaka mutafika pa Moki Dugway, pomwe mwadzidzidzi umasanduka wamiyala kwa makilomita pafupifupi 5, n'kutsika mamita oposa 300 m'makona opanikiza amene anasemedwa mu 1958 chifukwa cha malole a uranium, ndipo zikwangwani za pamenepo zimachenjeza galimoto zazitali ndi zolemera kuti zisadzerepo. Ndi RV, tsatani US-191 kudzera ku Blanding ndi ku Bluff, kenaka mulowe US-163 wopita ku Mexican Hat.