Ranger yanu sikudwala sefa achimwene, sefayo ikungolira maliro a ena

Imelo yabwera Lolemba kuchokera kwa owerenga ena a ku Lilongwe, akuti ali ndi Ford Ranger 3.2 ya ex-UK, kagetsi ka DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, kakuyaka pa dashibodi, galimoto yafooka moti ikukanika kupitilira lole pa mtunda, ndipo amakaniko awauza kuti angochotsa sefayo basi. Funso lawo ndi lakuti achotsedi kapena ayi.

Achimwene, nditawerenga ndinazimitsa kaye foni nkukamwa madzi, chifukwa mwandikumbutsa zomwe ndinkafuna kuyiwala.

Inenso ndinagulako pikapu ya ex-UK, yokongola, mipando yachikopa, mpaka apongozi anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Ntchito yake inali yotani? Kuchoka ku Area 25 mmamawa, kusiya ana kusukulu, kukwawa pa mzere wa magalimoto mpaka mtauni, kuyima tsiku lonse, madzulo kubwerera chimodzimodzi. Giya yachinayi ndinkangoyimva mbiri. Miyezi ingapo kagetsi kaja kanayaka, ine osalabadira, ndinati zamagetsi za azunguzi zimangoyaka. Kenako tsiku lina tikupita ku maliro ku Dedza, kumbuyo tanyamula matumba a ufa ndi azimayi a mvano, galimoto inangofooka ngati munthu wa malungo, kuponda moto mpaka pansi koma iyo kumangoyenda mwaulemu. Minibasi zomwe ndimaziseka zija kumandidutsa, kondakitala mpaka kutulutsa mutu kundiyang'ana.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina, dzina sinditchula poti timakumanabe ku tchalitchi. Sanalumikize nkomwe kompyuta. Anangogwada, kusuzumira pansi, kugogoda ekizozi ndi sipanala nkunena kuti "bwana, ichi nchakunja, kuno sichigwira, tichiboole." Anadula chitini chija, kutenga chitsulo cha konkiriti nkuyamba kusinja zamkati ngati akukonola chimanga, zidutswa zotuwa zokhala ngati zisa za njuchi kumagwera pa dothi, ine nditaima pambali ndi Fanta mmanja kumagwedeza mutu ngati ndikumvetsa. Anawotcherera, ndinalipira, ndinanyamuka ndikumwetulira.

Sabata sinathe. Kagetsi kanabwerera ndi anzake awiri. Kompyuta ya galimoto inkafunabe sefa yomwe kulibe, ndiye kunali kulipiranso mnyamata wina wa laputopu kuti aipusitse, ndipo utsi wakuda unayamba kutuluka moti oyenda pa kabaza kumbuyo kwanga ankatseka mphuno ndi malaya. Chomwe chinandiwawa kwambiri ndinachidziwa patatha miyezi iwiri: vuto lonse linali thermostat, kavavu kowongolera madzi oziziritsa injini, yomwe inakakamira chotsegula, injini simkatentha mokwanira. Kachinthu kokwana mdzanja. Sefa ija inalibe mlandu.

Ndiye tamverani mmene chinthuchi chimagwilira ntchito, chifukwa ambiri timachida tisanachidziwe. DPF ndi sefa yokhala mu ekizozi, ili ndi timabowo tambirimbiri totsekeka mosinthana kumapeto, utsi umakakamizika kudutsa mmakoma ake ndipo mwaye umatsalira. Mwayewo ukachuluka galimoto imauwotcha yokha, amati regen, imawonjezera dizilo kuti mkatimo mutenthe kufika cha mma 600°C. Koma siyingayambe ngati injini ili yozizira, ngati mu thanki mwatsala tapansi, kapena ngati pali vuto lina lomwe kompyuta yasunga. Ikayamba imafuna mphindi zingapo mukuyenda ndithu, ndiye inu mukafika pa ofesi nkuzimitsa ili pakati, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mapeto ake ndi omwe mukuwawonawa. Ku Ulaya sefayi inakhazikika ndi malamulo ochepetsa utsi a Euro 5 mu 2009, nchifukwa chake ma ex-UK a dizilo a zaka zimenezo kubwera kuno amakhala nayo, ku America ma pikapu akuluakulu aja a Ram ndi Super Duty anayamba nayo cha mu 2007. Ku UK komweko kuyambira 2014 galimoto yochotsedwa sefa imalephera MOT, mayeso a chaka ndi chaka owona ngati galimoto ili yoyenera pa msewu.

Ndipo apa ndilankhule mosapsatira, poyamba ndimafuna kunena kuti zili kwa inu koma ayi. Makaniko amene akukuwuzani kuti chotsani asanawerenge ma code, manambala a mavuto omwe kompyuta ya galimoto imasunga, ndi waulesi, basi. Akuthyola alamu mmalo mozimitsa moto. Injekita ikamadontha, EGR (vavu yobweza utsi wina mu injini) ikakakamira, paipi ya turbo ikang'ambika, zonsezi zimachulukitsa mwaye, ndipo mukachotsa sefa matendawo amatsala momwemo, kungoti tsopano mwayewo akupuma ndi mayi wogulitsa tomato mmbali mwa msewu ndi mwana wake kumsana. Ine ndinachita, ndikudziwa manyazi ake.

Komanso ifeyo eni magalimoto tisadziyeretse. Nthawi yosowa mafuta ija tonse tinagulapo dizilo wa mzigubu kwa anyamata a mmbali mwa msewu, osadziwa kuti asakaniza parafini kapena chani. Oilo timathira aliyense bola wotchipa, pomwe injini ya DPF imafuna oilo wa phulusa lochepa, pa botolo pamalembedwa low SAPS kapena ACEA C, onani buku la galimoto yanu likuti uti. Phulusa ndi losiyana ndi mwaye, mwaye umapsa koma phulusa silipsa olo mutayenda mpaka ku Karonga, limangodikira tsiku lochapidwa. Mlamu wanga wa ku Johannesburg amandiseka kuti ife timagula galimoto ya pa freeway nkumakagulira nayo buledi pa gulosale, zimandinyansa koma sakunama. Iye yemweyo anabwereka jeke wanga chaka chatha mpaka lero, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Zoti muchite

Pezani munthu wa makina owerengera ma code, osati wongofufuta. P2463 ndiye kuti mwaye wachuluka, P242F ndi phulusa, P2452 kapena P2453 akuloza sensa yoyeza mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwa sefa. Sensa imeneyi ili ndi timapaipi tating'ono tomwe timang'ambika kapena kutsekeka, nkumanamiza kompyuta kuti sefa yadzaza, yambani pamenepo poti mpotchipa. Muwonetsetse kuti injini ikufika pa kutentha kwake. Ma Ranger ambiri a mtundu wanuwo ali ndi ka vaporiser kothira dizilo mu ekizozi nthawi ya regen, kakatsekeka regen sichitika, akayezenso. Sololani dipisitiki, oilo akakwera kupyola mzere nkumanunkha dizilo musinthe musanapite kulikonse.

Kukanakhala kuti kagetsi kangoyamba kumene ndikanati thirani dizilo wokwanira, lowani M1 kulowera ku Kasungu, mphindi 30 osaima, injini ili cha mma 2,000 kupita mmwamba. Koma yanuyo yafooka kale, ndiye msewu sungathandize. Akonze kaye chomwe chayambitsa, kenako regen yokakamiza ndi makina, panja, kutali ndi udzu wouma chifukwa ekizozi imatentha zoopsa. Mwaye ukakhala wadutsa muyezo asakakamize, sefa imatha kusweka mkati, aimasule akaichape. Mundilembere ma code omwe atuluke, ndipo mukawona munthu akubwera ndi chitsulo cha konkiriti tengani makiyi anu.