Vinyo wofiira wathovu amafuna mafuta ndi mchere, osati keke

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Mlamu wake anawabweretsera mabotolo atatu a vinyo wofiira wathovu kuchokera ku Johannesburg, awiri a Lambrusco ndi limodzi la Shiraz wathovu. Limodzi la Lambrusco mayiyo analitsegula pa phwando, analitenga pashelefu pomwe linali n'kulithira pamodzi ndi keke, alendo n'kukwinya nkhope, wina mpaka kunena kuti vinyoyo waonongeka. Funso lawo n'lakuti awiri otsalawo awataye kapena pali chakudya chowayenera, poti Khirisimasi yayandikira.

Musataye amayi. Vinyoyo sanaonongeke. Anamwedwa wofunda, komanso anapatsidwa chakudya chomwe sagwirizana nacho m'pang'ono pomwe. Ndipo nkhaniyi imandiwawa, chifukwa vinyo ameneyu anthu amamuweruza asanamupatse mpata. Akangoona waya pachitsekerero amaganiza kuti ndi wa pa ukwati, woombetsa magalasi poduladula keke. Akaona kuti ndi wofiira amakumbukira lamulo lija lakuti vinyo wofiira salowa m'firiji. Malamulo onse awiriwa ndi abodza pa botolo limeneli.

Lambrusco kwawo ndi kumpoto kwa Italy, m'chigawo cha Emilia-Romagna, m'minda yozungulira mizinda ya Modena, Reggio Emilia ndi Parma, kufikanso ku Mantova. Taonani zomwe anthu akumeneko amadya: nyama ya nkhumba youmitsa ndi mchere ya prosciutto di Parma, soseji wonona wa mortadella wa ku Bologna, tchizi ya Parmigiano Reggiano, timikate tokazinga m'mafuta a nkhumba totchedwa gnocco fritto. Pa Chaka Chatsopano amaphika cotechino, soseji wa nyama ndi chikopa cha nkhumba, kapena zampone, mwendo wa nkhumba wodzaza nyama yogaya, n'kudyera mphodza. Zonsezi n'zonona komanso zamchere. Vinyo wawo anakulira pambali pa mbale zotere. Kuwawasa kwake ndi thovu lake zimatsuka mafuta omwe amata m'kamwa, kotero kuti nthuli yachisanu imakoma ngati yoyamba. Mukachotsa mafutawo n'kuikapo keke, shuga wa keke amaphimba kukoma kwa zipatso konse, m'kamwa mumangotsala kuwawasa ndi kuwawa. N'zomwe alendo anu anamva.

Mbiri yoipa ya vinyoyu ili ndi kochokera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Lambrusco wotsekemera wa kampani ya Riunite anagulitsidwa kwambiri ku America kuposa vinyo wina aliyense wochokera kunja, ndipo dziko lonse linayamba kuganiza kuti Lambrusco ndi chakumwa chozuna cha anthu osazolowera vinyo. Pomwe ku Modena komweko wambiri yemwe amamwa pa chakudya ndi wopanda shuga wochuluka. Ine sindinyoza wotsekemerayo, ali ndi ntchito yake yomwe nditchule pansipa. Chomwe ndimakana n'kunena kuti onse ndi amodzi. Lambrusco ndi banja la mitundu ya mphesa, ndipo itatu yodziwika kwambiri inalandira mu 1970 chizindikiro cha DOC, cha boma la Italy chotsimikiza dera lomwe vinyo wachokera ndi kapangidwe kake. Sorbara ndi wotuwa, pafupifupi wa pinki, wowawasa kwambiri, wopepuka. Grasparossa di Castelvetro ndi wakuda bii, thovu lake lofiirira, ndipo ali ndi kaumidwe kaja ka m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, komwe kamachokera ku makungu a mphesa. Salamino di Santa Croce ali pakati pa awiriwa. Wogulitsa amene akukuuzani kuti "ndi Lambrusco basi" sanakuuzeni kalikonse.

Shiraz wathovu uja ndi nkhani ina. Ameneyo ndi wa ku Australia, kumene akhala akumupanga kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mayina monga Seppelt ku Great Western ndi Rockford ku Barossa ndi odziwika naye. Ndi wolemera, mowa wake umafika 13 kapena 14 peresenti pomwe Lambrusco wosatsekemera amakhala cha m'ma 11, ndipo nthawi zambiri amamusiyira kashuga pang'ono kuti kaumidwe kaja kasapose. Anthu a ku Australia amamutsegula pa Khirisimasi pamodzi ndi nkhukundembo ndi nyama ya nkhumba, chifukwa Disembala kwawo kumatentha monga kwathu kuno, ndipo vinyo wofiira wamba wofunda pa dzuwa lotero amalemetsa mutu. Ndiye botolo limenelo lafika pa nyengo yake.

Yambani ndi kuwerenga botolo

Fufuzani liwu lonena za shuga. Pa Lambrusco wa thovu lochepa, yemwe amalembedwa frizzante, secco ndiye wosatsekemera, shuga wake sapitirira magalamu 15 pa lita. Amabile ali ndi magalamu 30 mpaka 50, kutanthauza kuti galasi limodzi muli shuga wokwana supuni yaing'ono imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Dolce amaposa apo. Pa mabotolo a thovu lamphamvu, olembedwa spumante, samalani: brut ndi wa pansi pa magalamu 12, extra dry ndi 12 mpaka 17, ndipo dry ndi 17 mpaka 32. Inde, wolembedwa dry ndi wotsekemera kuposa brut. Ngati liwu lililonse palibe, onani mlingo wa mowa. Wa 7 kapena 8 peresenti amakhala wotsekemera, poti shuga wina sanasanduke mowa. Poti alendo anu anakwinya nkhope, ndikukhulupirira kuti lanu ndi secco.

Kenako kuziziritsa

Ikani botolo m'firiji maola atatu, mulitulutse mphindi 15 musanathire. Secco amakoma pa madigiri 10 mpaka 12, wotsekemera pa 6 mpaka 8, Shiraz cha m'ma 12. Akazizira mopitirira fungo limabisala ndipo kaumidwe kamakula. Akafunda thovu limathawa msanga, mowa n'kumanunkha pamwamba. Magetsi akathima, thirani m'ndowa theka ayisi theka madzi, onjezani mchere wodzaza dzanja, mumize botolo mpaka m'khosi kwa mphindi 25. Ayisi wopanda madzi amachedwa chifukwa pakati pake pamakhala mpweya.

Potsegula, chala chachikulu chisachoke pachitsekerero pomwe mukumasula waya, yemwe amamasuka mukapotoza kasanu ndi kamodzi. Pendeketsani botolo, gwirani chitsekerero, zungulizani botolo lenilenilo pang'onopang'ono mpaka limve kuti "psii". Frizzante mphamvu yake ya mpweya ndi yochepa, sipitirira ma bar 2.5 (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), koma Shiraz wathovu amayandikira ya Champagne, vinyo wathovu wa ku France, ma bar 5 kapena 6, ndipo akakhala wofunda amatumphuka n'kudetsa nsalu ya patebulo ndi madiresi a alendo. Musathire m'timagalasi tatitali topyapyala tija. Galasi la vinyo wamba, lotakata, ndilo labwino, mudzaze theka. Botolo la 750 ml limakwana magalasi 6, ndipo likatsegulidwa thovu silikhalitsa ngakhale mutatseka bwino. Zoika supuni pakamwa pa botolo sizithandiza.

Tsopano chakudya. Lambrusco secco mupatseni nkhumba. Tengani kilo imodzi ya nthiti kapena nyama ya pamimba, ipakeni mchere masupuni aang'ono awiri, adyo wosinja zidutswa zinayi, tsabola wakuda ndi madzi a ndimu imodzi, igone usiku m'firiji. Pootcha, kankhirani makala mbali imodzi ya mbaula, nyama ikhale mbali inayo, ipse pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka mukutembenuza, kenako muisendeze pamoto mphindi zochepa kuti mafuta apsere n'kukhala khirichikhirichi. Musapake sosi wa m'botolo wotsekemera uja, amachita zomwe keke inachita. Soseji wootcha, tchipisi cha pachiwaya ndi nyama yake, mang'ina ophikidwa mpaka kumata m'zala, nyemba zophika ndi mafupa a nkhumba, zonsezi zikugwirizana naye, ndipo nyemba ndi mang'ina n'zomwe zimayandikira kwambiri zampone ndi mphodza zija. Alendo akamadikira, mtedza wokazinga wamchere ndi tchizi youma zikwanira. Nsima kapena mpunga sizisokoneza chilichonse, chofunika ndi ndiwo.

Shiraz musungireni nyama yakuda ndi ya utsi: kanyenya wa mbuzi, bakha, chiwindi chootcha, ng'ombe yophikidwa nthawi yaitali mpaka msuzi kukhuthala. Nkhuku ya lokolo yootcha imamupirira, koma ya chizungu yowiritsa imasowa pansi pake. Mumutsegule pambuyo pa Lambrusco, osati patsogolo, chifukwa mukayamba ndi wolemera wopepukayo amamveka ngati madzi.

Pali zinthu zitatu zomwe zimaononga. Choyamba ndi tsabola. Kambuzi akakumana ndi mowa wa 14 peresenti komanso thovu lobaya lilime, moto umawirikiza ndipo vinyo amawawa. Apa ndi pomwe wotsekemera uja amagwira ntchito: amabile wozizira bwino, kapena La Chanson wa J.C. Le Roux wa ku South Africa, yemwenso ndi wofiira, wotsekemera, wa mowa wochepa, amaziziritsa lilime. Ngati muli ndi secco yekha, tsabola akhale pambali, aliyense adziikire yekha. Chachiwiri ndi nsomba. Vinyo wofiira ali ndi ayironi pang'ono yemwe akakhudzana ndi mafuta a nsomba amasiya fungo la chitsulo ndi nsomba m'kamwa, ndipo usipa wouma ndi matemba ndiwo amaipiratu. Chambo chokazinga chothira ndimu chikhoza kudutsa ndi Sorbara yekha. Chachitatu ndi masamba owawa monga mpiru wokhwima kapena luni, omwe amaonjezera kuwawa kwa Grasparossa ndi Shiraz. Nkhwani wotendera ndi wabwinoko, poti nsinjiro zili ndi mafuta.

Za keke, vinyo ayenera kutsekemera kuposa chomwe chili m'mbale. Woyenera ndi Brachetto d'Acqui wa ku Piemonte m'dziko la Italy, wonunkhira sitiroberi, wa mowa wochepa kwambiri, kapena Lambrusco dolce, ndipo ngakhale amenewo amakonda zipatso ndi chokoleti chakuda kuposa keke yopaka shuga wambiri pamwamba. Mabotolo anu awiriwo si a ntchito imeneyo, keke idye ndi tiyi.

Pakadali pano achotseni pashelefu ya kukhitchini, muwaike pansi m'kabati ya chipinda chozizira, kutali ndi zenera. Lambrusco sasungidwa zaka, amafuna kumwedwa pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri chimupangireni, ndiye onani chaka ngati chalembedwa. Shiraz amatha kudikira, koma osati pa kutentha kwa Novembala pafupi ndi chitofu.