Kodi ndingamwetse mphaka mankhwala a anthu?

Funso: Akonzi, mphaka wanga wasiya kudya ndipo akungogona. Mnansi wanga akuti ndimupatse theka la Panado, popeza ndi amene timamwetsa ana akatentha thupi. Kodi pali choopsa?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, chonde musamupatse. Mu Panado muli paracetamol, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya mankhwalawa monga chimachitira cha munthu, kotero amawononga magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya wabwino. Nkhama zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa, mphaka amapuma mobanika, ndipo theka lomwelo lingathe kumupha. Galunso Brufen amamutulutsa zilonda m'mimba ndi kumuwononga impso.

Pa chifukwa chimenechi, mankhwala akumwa a agalu ndi amphaka amayesedwa pa mtundu uliwonse wa nyama pawokha asanaloledwe kugulitsidwa, ndipo mlingo wake umatsata kulemera kwa nyamayo. Kusiyana kumapezeka ngakhale pakati pa agalu okhaokha. Mu 2001, akatswiri a ku Washington State University ku America anapeza kuti agalu ambiri a mtundu wa Collie ali ndi chibadwa chimene chimalola ivermectin, mankhwala opha njoka za m'mimba, kulowa mu ubongo, moti mlingo wochuluka, umene galu wina angaupirire, iwo umawagwetsa.

Kafukufuku wa mankhwala a ziweto amafikanso pa kamwetsedwe, nkhani imene ife timaiona yofunika kwambiri ngakhale ambiri saiganizira. Zinadziwika kuti piritsi la doxycycline, mankhwala opha tizilombo ta mabakiteriya, likamezedwa louma limatha kukakamira pammero pa mphaka n'kupawotcha, ndiye chifukwa chake madokotala a ziweto amalangiza kutsatiza madzi pang'ono kapena chakudya.

Mphaka wanuyo mupite naye kwa dokotala wa ziweto kapena ku ofesi ya za ziweto ya m'boma lanu lero lomwe, pakuti mphaka akakhala masiku angapo osadya, chiwindi chake chimayamba kuwonongeka. Ngati munamupatsa kale Panado, mukanene mosabisa nthawi ndi kuchuluka kwake, chifukwa mankhwala otsitsa poizoniyo, otchedwa acetylcysteine, amathandiza akaperekedwa msanga. Koma mukaona kuti akutuluka dovu kapena wayamba kulusa mosiyana ndi kale, musalowetse zala m'kamwa mwake ndipo ana asamuyandikire, popeza chiwewe chimagwiranso amphaka.