Gwero lomwe simunaliwerenge nokha musalilembe

Achemwali, mwati aphunzitsi akubwezerani pepala lanu la kafukufuku atalemba ndi inki yofiira kuti magwero anu ndi osadalirika, chifukwa munatchula Wikipedia ndi masamba awiri a pa intaneti opanda dzina la wolemba. Ndiye mukufuna kudziwa kopeza zodalirika ndi kalembedwe kake. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Wikipedia musaitaye. Inayamba mu 2001 ndipo aliyense akhoza kulowamo n'kusintha mawu, n'chifukwa chake aphunzitsi saivomera. Koma muona timanambala ting'onoting'ono kumapeto kwa ziganizo. Dinani pamenepo, tikutsitsirani pansi pomwe pali mabuku ndi mapepala omwe mfundozo zinachokera. Amenewo ndi omwe mukawafunefune, muwawerenge, muwatchule.

Pofufuza yambani ndi Google Scholar, tsamba lofufuzira mapepala a kafukufuku, lomwe lilipo kuyambira 2004. Mukapeza pepala limodzi logwirizana bwino ndi mutu wanu, musathamangire kufuna lina. Onani ma reference ake kumapeto, ndiye kuti mndandanda wa magwero omwe latchula, akusonyezani omwe analemba kale. Kenako dinani pomwe alemba kuti "Cited by", muone omwe anadzalitchula pambuyo pake. Pepala limodzi labwino limakubalirani khumi. Ngati mukuchita zaumoyo pitani pa PubMed. DOAJ, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003 ku yunivesite ya Lund ku Sweden, ili ndi ma journal (magazini osindikiza mapepala a kafukufuku) owerenga ulere omwe anaunikidwa asanalowetsedwe pa mndandanda. Pepala likafuna ndalama, musafulumire kulipira. Funsani ogwira ntchito mu laibulale ya sukulu yanu ngati ali ndi chilolezo cha JSTOR kapena Research4Life, masamba omwe sukulu zimapezerako mapepala olipiritsa. Anthu amenewa ophunzira ambiri amangowadutsa, chonsecho ndi omwe amadziwa njira zonse. Zikakanika, lemberani mwini pepalayo kalata ya pa imelo mwaulemu, ambiri amatumiza mosavuta.

Tsono samalani, si chilichonse chotchedwa journal chomwe chili chabwino. Journal yeniyeni imatumiza pepala kwa akatswiri ena kuti aliunike lisanasindikizidwe, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Koma alipo ma journal omwe amangofuna ndalama za wolemba, n'kusindikiza chilichonse m'masiku owerengeka. Jeffrey Beall, yemwe ankagwira ntchito mu laibulale ku Colorado, ankasunga mndandanda wa ma journal oterewa mpaka pomwe anauchotsa mu 2017. Google Scholar sisankha, ena a iwo imawaonetsa. Ndiye musangokhulupirira zomwe tsambalo likudzinenera lokha. Tsegulani tsamba lina, lembani dzina la journal kapena bungwelo, muone zomwe ena akunena za iwo. Mufunse kuti walemba ndani, amagwira ntchito kuti, analemba liti, ndipo ndalama za kafukufukuyo anapereka ndani.

Ngakhale ma journal otchuka amaphonya. Mu 1998 The Lancet inasindikiza pepala la Andrew Wakefield ndi anzake, lokhudza ana 12 okha, lomwe linachititsa makolo ambiri kuopa kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto lokhudza kakulidwe ka ubongo. Pepalalo linachotsedwa mu 2010 zitadziwika kuti linali lachinyengo, koma mpaka lero limapezekabe pa intaneti ndipo ena amalitchulabe. Musanadalire pepala, onani ngati silinalembedwe kuti "Retracted", kutanthauza kuti linachotsedwa.

Koma chomwe ndikufuna muchigwiritse ndi ichi. Vuto lalikulu la ophunzira si kusowa magwero, ndi kutchula zomwe sanaziwerenge. Munthu wawerenga pepala lina lomwe likunena kuti uje anapeza zakutizakuti, iye n'kukopera dzina la ujeyo ndi chaka chake ngati kuti wamuwerenga yekha. Zimenezi ndi mphekesera, kungoti zavala jekete. Nambala ikadutsa m'manja mwa anthu anayi imasintha. Wofufuza woyamba anati mwina, wachiwiri anachotsa mwinayo, wachitatu anasandutsa zotsatira za anthu ochepa kukhala za dziko lonse. Londolani mpaka mufike pomwe nambalayo inabadwira. Mukalephera kupeza pepala loyambalo, nenani poyera kuti mwazimva kudzera mwa wina. Mu kalembedwe ka APA, imodzi mwa njira zotchulira magwero, amalemba kuti "as cited in", ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Ine zinandichitikira ndikulemba kafukufuku wanga womaliza. Ndinali ndi chiganizo chimodzi chomwe mutu wonse wachiwiri unatsamirapo. Ndinachikopera m'kope miyezi ingapo m'mbuyo, pakona ya tsamba, popanda dzina la buku ngakhale nambala ya tsamba, poganiza kuti ndidzakumbukira. Kutatsala sabata kuti ndipereke, ndinakhala masiku atatu ndikuvundukula mabuku omwe ndinabwerekapo. Nditachipeza, mtima unangoti myuu: wolembayo ankatchula mfundoyo pofuna kuitsutsa, ine ndinaitenga ngati akuivomereza. Ndinalembanso masamba asanu ndi limodzi usiku. Kuyambira pamenepo sindikopera mawu ndisanalembe pamwamba pake wolemba, chaka, mutu ndi tsamba. Mawu a mwini ndimawatsekera mu zizindikiro zogwira mawu nthawi yomweyo, kuti mawa ndisadzawayese anga.

Nkhani yomweyi yakula masiku ano ndi ChatGPT ndi anzake. Mukawapempha ma reference amatha kukupatsani mndandanda wooneka bwino, wa mayina a akatswiri enieni ndi ma journal enieni, koma mapepalawo kulibe. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yopeka yomwe ChatGPT inawalembera. Njira yoyesera ndi yapafupi. Mapepala ambiri ali ndi nambala yotchedwa DOI, yoyamba ndi 10. Ikani nambalayo pa doi.org. Ikapanda kukufikitsani pa pepala lomwelo, lisakeni ndi mutu wake, ndipo mukalisowa lichotseni.

Za kalembedwe, funsani kaye kuti dipatimenti yanu imafuna APA, Harvard, MLA kapena Chicago, ndipo mukasankha musasakanize. Mu APA ndi Harvard, mkati mwa nkhani mumalemba dzina la bambo la wolemba ndi chaka, n'kuwonjezera nambala ya tsamba ngati mwagwira mawu ake ndendende. APA yatsopano, yachisanu ndi chiwiri, inatuluka mu 2019, ndipo imati olemba akakhala atatu kapena kuposerapo mulembe woyamba yekha n'kutsatiza "et al.", kutanthauza "ndi anzake". Aliyense amene mwamutchula mkati apezeke pa mndandanda wakumapeto, ndipo wa pa mndandanda apezeke mkati. Kufotokoza ganizo la munthu m'mawu anuanu sikulisandutsa lanu, mumutchulebe. Kusintha mawu awiri kapena atatu mu chiganizo chake n'kubabe, kaya Turnitin, pulogalamu yofufuza mawu okopera, yakugwirani kaya ayi.

Ikani Zotero pa kompyuta yanu, ndi yaulere. Imasunga pepala lililonse lomwe mwapeza, imakukonzerani mndandanda mu kalembedwe komwe mwasankha, ndipo imachenjeza ngati pepala linachotsedwa. Komabe muziwerenganso zomwe yatulutsa, chifukwa nthawi zina imasokoneza mayina ndi zaka, monganso kabatani ka "Cite" ka pa Google Scholar.

Masamba awiri aja opanda wolemba, atsegulaninso lero. Onani ngati akunena komwe anatenga mfundo zawo. Ngati akunena, londolani mpaka mupeze lipoti kapena pepala lenilenilo, mutchule limenelo. Ngati sakunena, mfundozo zichoke mu pepala lanu musanalibweze kwa aphunzitsi.