Mavesiti a alonda operekeza ndalama

Achimwene, mwati mukufuna mavesiti oteteza ku zipolopolo a anyamata anu amene amaperekeza ndalama za ogula kachewere ku Lizulu ndi ku Tsangano, ndipo wina akukutsatsani otchipa, ovalidwa kale. Ndinayang'anirapo alonda kuno ku Ntcheu, ndiye ndiyikepo mlomo.

Dzifunseni kaye: anyamatawo akuopa chiyani kwenikweni? Kwathu kuno achifwamba ambiri amabwera ndi zikwanje ndi mipeni. Vesiti yofewa ya ulusi wolimba wotchedwa Kevlar imagwira chipolopolo ngati mmene ukonde umagwirira mpira, koma nsonga ya mpeni imatha kudutsa pakati pa ulusi wake. Choncho yoteteza ku chipolopolo ndi ina, yoteteza ku kubayidwa ndi inanso. Ziliponso zophatikiza zonse ziwiri, ndipo ine ndikanagula zimenezo.

Tembenuzani vesitiyo muwerenge kansalu kam'kati. Payenera kukhala muyezo wa NIJ, bungwe la boma la America limene limaika miyezo ya mphamvu za mavesitiwa. Level IIIA imaletsa zipolopolo za mfuti zazing'ono zam'manja basi. Chipolopolo cha AK-47 chimangodutsa. Pamenepo pamafunika mapuleti olimba a Level III kapena IV, ngati amene asilikali amavala, koma kulemera kwake si masewera. Kuno kumtunda kozizira munthu angapirire, koma mukamutsitsira ku Bwanje mu Okutobala, pofika masana mudzaipeza vesiti ili pampando wa galimoto.

Zovalidwa kalezo zisiyeni. Opanga ambiri amatsimikizira vesiti yofewa kwa zaka 5, chifukwa thukuta, chinyezi ndi dzuwa zimafooketsa ulusi. Ife tinagulapo ziwiri zoterozo kwa munthu wina. Kunja zinali zowala bwino, koma titatsegula tinapeza nkhungu, ulusi utapindika pamimba, deti yopangira itafufutika. Ndalama zinapita. Puleti ya ceramic nayo ikagwa pasimenti imatha kung'aluka m'kati, maso osaona kanthu.

Saizi musamangoganizira. Aliyense ayese yekha, akhale pansi nayo. Iyambire pakadzenje ka pansi pa khosi, ilekezere cha pamchombo, m'mbali isasiye mpata. Ikatalika imakankha chibwano munthu akakhala m'galimoto, ndiye amayamba kumasula malamba.

Musanalipire, fikani ku polisi ya pa boma mukacheze nawo za katundu ameneyu, komanso wogulitsayo akupatseni risiti ndi pepala losonyeza muyezo ndi chaka chopangira.