Mmene galimoto zinachokera mumsewu wa Strøget ku Copenhagen

Mayi ena amene amawerenga tsamba lino anditumizira imelo atangofika kumene kuchokera ku Denmark, kumene anakakhala nawo pamsonkhano wa kuntchito kwawo. Akuti tsiku lina madzulo anayenda mumsewu wautali wa pakati pa mzinda wa Copenhagen, wokhala ndi masitolo mbali zonse ziwiri, koma sanaonemo galimoto ngakhale imodzi. Akufunsa ngati msewuwo unamangidwa choncho kuyambira kale, ndipo ngati galimotozo zinachita kuchotsedwamo, akufuna kudziwa mmene eni masitolo anavomerera, popeza wamalonda aliyense amalakalaka kasitomala ataimika galimoto pakhomo penipeni pa sitolo yake.

Mayi, msewu umene munayendamowo umatchedwa Strøget, ndipo ndi wotalika pafupifupi makilomita 1.1, kuchokera pabwalo la Rådhuspladsen, pamene pali likulu la khonsolo ya mzindawo, kukafika pabwalo la Kongens Nytorv. Kunena zoona si msewu umodzi, koma misewu ingapo yolumikizana, imene ndi Frederiksberggade, Nygade, Vimmelskaftet, Amagertorv ndi Østergade, ndipo anthu anangozolowera kuitchula yonse ndi dzina limodzi. Yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti ayi. Galimoto zinkadutsamo ndithu mpaka m'chaka cha 1962. Komabe ndikufuna muone kuti nthawi imene galimoto zinalamulira msewuwu inali yochepa kwambiri poiyerekeza ndi zaka mazanamazana zimene malowa anali a anthu oyenda pansi ndi ogulitsa malonda.

Mayina a malowo ndiwo mboni. Bwalo la Gammeltorv, limene msewuwu umadutsa m'mphepete mwake, ndilo lakale kwambiri mumzindawo, ndipo dzinalo limatanthauza msika wakale. Pamenepo pali kasupe wotchedwa Caritas amene anamangidwa mu 1608, mu ulamuliro wa mfumu Christian IV. Dzina lakuti Amagertorv linabwera chifukwa cha alimi a pachilumba cha Amager amene ankabwera kudzagulitsa ndiwo zamasamba pamalopo, ndipo ena mwa iwo anali zidzukulu za alimi a ku Netherlands amene mfumu Christian II inawapatsa malo pachilumbacho cha m'ma 1521. Moto waukulu wa mu 1728 unapsereza mbali yaikulu ya mzinda wakale, ndipo msewu wa Frederiksberggade unalambulidwa pomanganso mzinda pambuyo pa motowo. Moto wina unabukanso mu 1795, koma nyumba ya njerwa zofiira ya mu 1616, imene ili pa nambala 6 pa Amagertorv, inapulumuka, ndipo lero ndi sitolo ya mbale ndi makapu a Royal Copenhagen. Ngati munaona kasupe wokhala ndi zifaniziro za mbalame zitatu za miyendo itaiitali pabwalo lomwelo, ameneyo ndi Storkespringvandet wa mu 1894, amene azamba ongomaliza kumene maphunziro awo amamuzungulira akuvina.

M'zaka za m'ma 1950 galimoto zinachuluka mu Copenhagen monga mmene zinachitira m'mizinda ina ya ku Ulaya, ndipo msewu wopapatizawu unayamba kuthina, anthu n'kumakankhana m'mphepete pamene galimoto zinkadzaza pakati. Akuluakulu a mzinda ankautseka kwa masiku ochepa nthawi ya Khirisimasi, kenaka pa 17 November 1962 anautseka kwa nthawi yaitali, akunena poyera kuti akungoyesa. Maganizowo sanayambire kwa iwo, chifukwa mzinda wa Rotterdam, ku Netherlands, unali utatsegula kale msewu wa masitolo wopanda galimoto wotchedwa Lijnbaan mu 1953. Kusiyana kwake n'kwakuti Lijnbaan anachita kuumanga mwatsopano pamalo amene anaphwasulidwa ndi mabomba pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene ku Copenhagen anafunika kuchotsa galimoto mumsewu wakale umene unali kugwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Eni masitolo ambiri sanavomere, ndipo ine sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu amene akulipira lendi mwezi ndi mwezi sangasangalale kuti ena ayesere nzeru zawo pa bizinesi yake. Ankaopa kuti makasitomala olemera, amene ndiwo anali ndi galimoto, akagula kwina. Akatswiri a zamisewu ankachenjeza kuti misewu yoyandikana nayo idzadzaza, ndipo ena ankanena kuti iwo ndi anthu a ku Denmark osati a ku Italy, kutanthauza kuti kudziko lozizira ngati limenelo palibe amene angamakhale panja kumangocheza. Mkwiyo unakula mpaka Alfred Wassard, amene ankayang'anira za mapulani a mzinda, anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo tsiku lotsegulira panali apolisi ambiri.

Chimene chinasintha mitima sichinali mawu a akuluakulu, koma mapazi a anthu. M'chaka choyamba chiwerengero cha oyenda pansi mumsewuwu chinakwera ndi 35 pa 100 alionse, ndipo mu February 1964 khonsolo inagamula kuti galimoto zisadzabwererenso. Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhawa ya amalonda inaphonya mfundo imodzi. Munthu amene ali m'galimoto amadutsa masitolo makumi awiri asanaone n'komwe chimene chili pawindo, pamene woyenda pansi amaima, n'kuyang'ana, n'kulowa, ndipo nthawi zina amagula chinthu chimene sanachiganizire pochoka kunyumba. Katundu amafikabe m'masitolo, chifukwa galimoto zodzatsitsa zimaloledwa m'mawa anthu asanachuluke.

Munthu amene anathandiza kuti zimenezi zisakhale nkhambakamwa chabe ndi Jan Gehl, katswiri wolemba mapulani a nyumba, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anayamba kukhala mumsewuwu n'kumawerenga anthu: angati akudutsa, angati aima, akhala pati, nyengo yotentha ndi yozizira yomwe. Mkazi wake Ingrid, katswiri wa za maganizo a anthu, anathandiza kumutembenuza kuti aziyang'ana anthu m'malo mongoyang'ana makoma. Buku lake la mu 1971, Livet mellem husene, limene mutu wake ukutanthauza moyo wa pakati pa nyumba, linawerengedwa m'mayiko ambiri. Ziwerengero zoterezi zinapatsa khonsolo poyambira pofuna kutseka misewu ina, monga Fiolstræde mu 1968 ndi Købmagergade mu 1973, mpaka malo a oyenda pansi anakula kuchoka pa masikweya mita 15,800 mu 1962 kufika pafupifupi 100,000 patatha zaka zoposa makumi anayi. Chimene ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti sanachite zonsezi tsiku limodzi. Malo oimikapo galimoto pakati pa mzinda ankawachepetsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka, kotero kuti anthu anali ndi nthawi yozolowera basi, sitima ndi njinga.

Koma mayi, sindingakuuzeni zoona zonse ndikapanda kutchula amene anavulala nazo. Msewu ukadzaza anthu, eni nyumba amakweza lendi, ndipo amene amatsala ndi okhawo amene angakwanitse. N'chifukwa chake kumbali ya Kongens Nytorv munaona masitolo a katundu wodula monga Louis Vuitton ndi Gucci, pamene kumbali ya Rådhuspladsen kwachuluka malo a zakudya zofulumira ndi ogulitsa tinthu ta alendo odzaona malo. Masitolo ambiri a mabanja anapereka malo kwa makampani akuluakulu amene mungawapezenso ku London kapena ku Johannesburg, ndipo nzika zina za mzindawo zimadandaula kuti Strøget tsopano ndi wa alendo. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amalonda aang'ono ankaopa kusowa makasitomala, koma chimene chinadzawathinitsa ndi kuchuluka kwa makasitomalawo.

Mukadzapitakonso, mudzayambire ku Rådhuspladsen m'mawa, ndipo mukafika pa Amagertorv mudzayang'ane pansi, pamiyala yoyalidwa mwaluso imene Bjørn Nørgaard anaikonzera mapulani mu 1993. Kuchoka pamenepo mudzapatukire ku Strædet, msewu woyenda motsatana ndi Strøget chakumwera kwake, kumene galimoto zimaloledwa kudutsa pang'onopang'ono pakati pa anthu ndi njinga, ndipo masitolo aang'ono ndi malo omwera khofi adakalipobe.